Kaikidwe ka chishalo pa njinga ya pa tala ndi pa njinga ya m'mapiri

Bambo wina wa ku Zomba wandilembera kalata yofunsa za chishalo. Akuti ali ndi njinga ziwiri: ya m'mapiri, imene ambiri timangoti maunteni, yomwe akhala akukwera nayo ku Chawe kwa zaka zitatu, ndi ina ya pa tala, ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, yomwe agula chaka chino pa kaunjika. Akapalasa ya pa talayo mu msewu wa M3 kupita ku Namadzi n'kubwerera, bondo lakumanja limawapweteka cha kutsogolo, ndipo akakwera phiri ndi maunteni manja amachita dzanzi asanafike n'komwe pamwamba. Mnzawo wina anawauza kuti chishalo chabwino n'chimene munthu atakhalapo mapazi onse awiri amaponda pansi, pamene wina anati angoyeza chishalo cha njinga imodzi n'kuika chinacho chimodzimodzi. Iwo akuti mwendo wawo, kuyeza cha m'kati, ndi masentimita 84, ndipo akufunsa kuti amvere ndani.

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu, makamaka poti mwatchula malo enieni amene akupweteka, chifukwa malowo ndi amene amalozera kumene kuli vuto. Mnzanu woyambayo musamumvere ngakhale pang'ono. Wachiwiriyo wanena zoona, kungoti wasiyira panjira.

Chishalo chimayezedwa kuchokera ku pedulo, chifukwa phazi lanu limagwira ntchito pa pedulo, ndipo pansi limangopondapo mukaima. Pa njinga ya pa tala, ekiselo yapakati, imene mikono iwiri ya mapedulo imazungulirapo, imakhala pafupifupi masentimita 27 kuchokera pansi, ndipo pa maunteni imapitirira masentimita 30 kuti mapedulo asamagunde miyala ndi mizu. Choncho ngakhale pedulo itatsika mpaka pothera, imakhalabe m'malere masentimita pafupifupi 10 kapena kuposerapo. Munthu amene wakhala pa chishalo mapazi onse ali phwatalala pansi, ndiye kuti chishalo chake chatsika ndi masentimita ochuluka ndithu. Chishalo chikakhala pamalo pake, mumangokhudza pansi ndi nsonga za zala, ndipo poima mumayenera kutsika pa chishalo n'kuima pakati pa felemu. Ambirife tinaphunzira kupalasa tili ana pa njinga ya akuluakulu, mantha a kugwa ali pamtima, ndiye tinakula ndi maganizo oti kuponda pansi ndiko chitetezo. Anzathu a kabaza ali ndi chifukwa chomveka chotsitsira chishalo pang'ono, poti amaima kawirikawiri atanyamula munthu kapena thumba la chimanga kumbuyo, koma inu amene mukupalasa maola awiri osaima mulibe chifukwa chimenecho.

Ndikukhulupirira kuti kupweteka kwa bondo lanu kukuchokera pomwepa. Chishalo chikatsika, bondo limapindika mopitirira pamene pedulo ili pamwamba, ndipo nthawi imeneyo ndi imene mumayamba kukankha ndi mphamvu. Kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo kamapanikizika pa fupa la ntchafu, ndipo bondo likapindika kwambiri kupanikizikako kumakulanso. Kukanakhala kamodzi kapena kakhumi sipakanakhala kanthu, koma munthu wopalasa bwino pa tala amazunguza mapedulo ka 80 mpaka ka 90 pa mphindi imodzi, kutanthauza maulendo pafupifupi 5,000 pa ola. Cholakwika chaching'ono chikabwerezedwa maulendo ochuluka chotero chimasanduka ululu. N'chifukwa chake pa nkhani imeneyi timawerenga mamilimita, ngakhale kuti kwa munthu woonera zimaoneka ngati kuchulutsa gaga m'diwa.

Tiyambe ndi masentimita 84 amene mwatchulawo. Ngati munatenga muyeso wa telala wosokera buluku, yezaninso, chifukwa wa telala umakhala wofupikirapo. Vulani nsapato, imani chotsamira khoma pa simenti yosalala, mapazi atatalikirana pang'ono ngati mmene amakhalira pa mapedulo. Tengani buku lachikuto cholimba kapena kathabwa, mulilowetse pakati pa miyendo n'kulikankhira m'mwamba mwamphamvu, mofanana ndi mmene chishalo chimakukankhirani mukakhalapo, mbali ina ya bukulo itagunda khoma kuti lisapendekeke. Wina alembe chizindikiro ndi pensulo pa khoma, pamene pathera msana wa bukulo, kenaka muyeze kuchokera pansi. Chitani zimenezi katatu, ndipo mudzaona kuti miyeso ikusiyana ndi mamilimita angapo, ndiye mutenge wapakati.

Tinene kuti 84 yatsimikizika. Pali masamu awiri akale amene opalasa njinga amayambira. Oyamba anatchuka ndi Greg LeMond wa ku America, amene anapambana mpikisano wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990, ndipo anawaphunzira kwa mphunzitsi wake wa ku France, Cyrille Guimard. Mumachulukitsa kutalika kwa mwendo ndi 0.883, ndipo yankho lake ndi mtunda wochokera pakatikati pa ekiselo yapakati kufika pamwamba pa chishalo, tepi ikutsata paipi ya felemu imene chishalo chimalowamo. Kwa inu, 84 kuchulukitsa ndi 0.883 ikupereka masentimita 74.2. Masamu achiwiri, amene anachokera ku kafukufuku wa Hamley ndi Thomas mu 1967, amachulukitsa ndi 1.09, koma muyeso wake umayambira pa ekiselo ya pedulo pamene pedulo ili kutali kwambiri ndi chishalo. Kwa inu akupereka masentimita 91.6. Mukachotsapo kutalika kwa mkono wa pedulo, tinene masentimita 17, mukutsala ndi 74.6, ndiye mukuona kuti njira ziwirizi zasiyana ndi mamilimita anayi okha.

Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino umodzi umene ukukhudza inuyo mwachindunji: imawerengera mkono wa pedulo. Mikono imeneyi siifanana pa njinga zonse. Yofala ndi ya mamilimita 165, 170, 172.5 ndi 175, ndipo nambala yake imadindidwa kuseri kwa mkonowo, pafupi ndi bowo lolowamo pedulo. Pukutanipo matope muwerenge pa njinga zonse ziwiri. Si zachilendo kupeza 170 pa njinga ya pa tala ndi 175 pa maunteni, ndipo zikatero chishalo cha maunteni chiyenera kutsika ndi mamilimita asanu poyeza kuchokera pa ekiselo yapakati, chifukwa pedulo yake imapita pansi kwambiri ndi mamilimita asanu omwewo. Apa ndi poyamba pamene malangizo a mnzanu wachiwiri akuperewera.

Komabe masamuwa musawatenge ngati lamulo. Sadziwa kutalika kwa phazi lanu, sadziwa kukhuthala kwa nsapato imene mumavala, sadziwanso ngati minofu ya kumbuyo kwa ntchafu yanu ndi yofewa kapena youma, ndiponso ngati mumapalasa zala zitaloza pansi kapena chidendene chitatsika. Anthu awiri a mwendo wofanana akhoza kusiyana ndi sentimita yathunthu, aliyense ali pamalo pake oyenera. Ine ndimaika chishalo pa nambala ya masamu, kenaka ndimayang'ana thupi la munthuyo.

Kuyang'anako kumayamba ndi chidendene. Tsamiritsani njinga pafupi ndi khoma, khalani pa chishalo mutavala nsapato zimene mumapalasira, ikani chidendene pa pedulo, ndipo muzunguze chambuyo mpaka pedulo ifike kutali kwambiri ndi chishalo. Mwendo uwongoke wonse popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo. Ngati bondo likadali lopindika, chishalo chatsika, ndipo ngati chidendene chikuchoka pa pedulo kapena mukuchita kunyanyamphira ndi chiuno, chakwera. Mukabweza phazi pamalo pake opalasira, pamene potupa pa tsinde la chala chachikulu pali pamwamba pa ekiselo ya pedulo kapena kutsogolo kwake pang'ono, bondo lidzapindika lokha pang'ono. Kupindika kumeneko ndiko kukufunika. Akatswiri oyeza opalasa njinga, potsatira njira ya Holmes ndi anzake ya mu 1994, amafuna kuti bondo lipindike madigiri 25 mpaka 35 kuchoka powongoka, pedulo ili pansi, munthu ataima chilili osapalasa. Masiku ano foni imathandiza: wina akujambuleni cha m'mbali, foni ili pa msinkhu wa chishalo ndiponso patali mamita angapo, ndipo pa chithunzipo mujambule mzere wochokera pa fupa la m'mbali mwa chiuno kufika pa bondo, ndi wina wochokera pa bondo kufika pa kakolo. Mukajambula kanema mukupalasa, bondo limaoneka lopindika kuposerapo ndi madigiri angapo, ndipo zimenezo zisakudabwitseni.

Umboni umene ine ndimaukhulupirira kuposa wina uliwonse ndi wa munthu wobwera kumbuyo. Pisirani malaya, mnzanu akutsatireni pa njinga yake pa msewu wa tala wopanda chikweza, maso ake ali pa lamba wanu. Chiuno chikhale bata, miyendo yokha ndiyo izigwira ntchito. Akaona lamba akutsika kumanja, kenaka kumanzere, ngati mmene amachitira mwana wopalasa njinga ya bambo ake, ndiye kuti mwakweza mopitirira. Ndikunena zimenezi chifukwa anthu ambiri akangomva kuti chishalo chawo chinali chotsika amalumphira mbali inayo, ndipo chishalo chokwera kwambiri chili ndi mavuto akeake: kupweteka kuseri kwa bondo, kukokeka kwa mtsempha wa pamwamba pa chidendene, kuwawa kwa msana cha m'munsi, ndi zilonda za pakati pa miyendo chifukwa cha kukhuzika. Pa ziwirizi, kutsika ndi mamilimita atatu n'kwabwino kusiyana ndi kukwera ndi mamilimita atatu.

Kutalika kukakhazikika, pamabwera funso la kutsogolo ndi kumbuyo. Pansi pa chishalo pali tizitsulo tiwiri timene timalola kuti chishalo chisendere kutsogolo kapena kumbuyo ndi masentimita awiri kapena atatu. Njira yakale ndi ya chingwe: mangani nati kunsonga ya ulusi, khalani pa njinga pamalo osapendekeka, mikono ya mapedulo itagona mopingasa, ndipo mugwetse ulusiwo kuchokera pa kafupa kotumphuka kamene kali m'munsi pang'ono mwa bondo la mwendo wakutsogolo. Natiyo igwere pa ekiselo ya pedulo kapena pafupi nayo. Poyambira njirayi ndi yabwino ndipo siifuna ndalama. Koma palibe chifukwa chenicheni cha m'thupi chimene chimalamula kuti bondo likhale pamenepo, ndipo Keith Bontrager, mmisiri wopanga mafelemu wa ku California, anaitsutsa kalekale pa mfundo imeneyi. Taganizani izi: mukangoyamba kukwera ku Chawe, njinga yonse imapendekera m'mwamba, ndipo ulusi uja ukanagwera kumbuyo kwa pedulo, chonsecho thupi lanu silinasinthe mmene lakhalira pa njingayo.

Chimene malo a kutsogolo ndi kumbuyo amalamulira kwenikweni ndi kagawidwe ka kulemera kwa thupi pakati pa chishalo ndi manja. Yesani kuwerama mutaima pansi: matako amabwerera okha kumbuyo kuti musagwe chafufumimba. Pa njinga n'chimodzimodzi. Chishalo chikasendera kutsogolo kwambiri, thupi limagwera pa mahandulo, ndipo manja, mapewa ndi khosi zimasenza katundu amene si wawo. Chikabwerera kumbuyo kwambiri, mimba imapanikizana ndi ntchafu, msana umakokeka, ndipo mumapezeka mukusendera nokha kunsonga ya chishalo. Poyesa, palasani mwamphamvu ndithu pa msewu wopanda magalimoto, manja ali pamwamba pa mabuleki, kenaka mumasule zala n'kupepukitsa manja ngati mukufuna kuwachotsa. Ngati mutha kukhala choweramabe kwa kanthawi osagwera kutsogolo, chishalo chili pafupi ndi malo ake. Ngati mukugwera kutsogolo nthawi yomweyo, chibwezeni kumbuyo ndi mamilimita asanu muyesenso.

Pali cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pa njinga za pa kaunjika, chifukwa munthu sasankha msinkhu wa felemu, amangotenga imene yapezeka. Akaona kuti mahandulo ali kutali, amakankhira chishalo kutsogolo mpaka pothera tizitsulo tija kuti awafikire. Potero amakonza vuto la manja powononga mawondo, poti chishalo chosendera kutsogolo chimapanikiza bondo mofanana ndi chishalo chotsika. Mahandulo akatalikira, chosintha ndi kachitsulo kogwira mahandulo, kamene okonza njinga amati sitemu, ndipo timapezeka ta utali wosiyanasiyana. Chishalo chimaikidwa chifukwa cha miyendo, ndipo mahandulo amabwera pambuyo kudzakumana ndi manja. Kayang'aneni pansi pa chishalo cha njinga yanu ya pa tala, chifukwa ndikukayikira kuti mwina chili chotero.

Dziwaninso kuti kutalika ndi kusendera zimakokana. Paipi ya felemu ya njinga ya pa tala imapendekera kumbuyo, kawirikawiri pa madigiri 73 kapena 74, choncho mukakweza chishalo ndi sentimita imodzi chimabwereranso kumbuyo ndi mamilimita pafupifupi atatu, ndipo mukachisendeza kumbuyo ndi sentimita imodzi chimatalikira mapedulo ndi mamilimita pafupifupi atatu omwewo. Mukasintha chimodzi, yezaninso chinacho. Mwina mudzamva za lamulo la bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse, loti nsonga ya chishalo ikhale masentimita osachepera asanu kumbuyo kwa mzere woimirira wodutsa pa ekiselo yapakati. Limenelo ndi la a mpikisano, ndipo inu silikukukhudzani.

Tsopano dzanzi la m'manja pa maunteni. Ndisanaone njingayo, choyamba chimene ndingakayikire ndi kupendekeka kwa chishalo. Imikani njinga pa simenti yosapendekeka, ikani kathabwa kosalala pamwamba pa chishalo kuchokera kunsonga mpaka kumbuyo, ndipo pa kathabwapo muikepo levulo ya amisiri omanga nyumba, kapena foni ngati ili ndi levulo. Poyambira chishalo chigone mopingasa. Nsonga ikhoza kutsika ndi digiri imodzi kapena awiri, makamaka pa chishalo chimene kumbuyo kwake kunapangidwa kotukuka, koma ikatsika kwambiri mumatsetserekera kutsogolo ulendo wonse, manja n'kumakankha mahandulo kuti akubwezeni. Simuzindikira kuti mukukankha, mumangomva zala zikufa. Mitsempha imene imadutsa pachikhatho ikapanikizika nthawi yaitali, kachala kakang'ono ndi kotsatana nako, kapena chala chachikulu ndi zoyandikana nacho, zimachita dzanzi.

Anthu ambiri amatsitsa nsonga ya chishalo chifukwa ikuwapweteka pamalo obisika, ndipo nkhani imeneyi tisaichitire manyazi, poti imakhudza abambo ndi amayi omwe. Nthawi zambiri gwero lake silikhala nsongayo. Mwina chishalo chakwera kwambiri, mwina n'chochepa m'lifupi moti mafupa awiri okhalira sakupeza potsamira, ndiye kulemera konse kumagwera pa minofu yofewa ya pakati, pamene pamadutsa mitsempha. Mafupa amenewa mukhoza kuwayeza kunyumba. Dulani chidutswa cha katoni, chiikeni pa sitepe kapena pa benchi yolimba, khalanipo mutawerama pang'ono ngati muli pa njinga, mapazi atakwera pa kanthu kena, ndipo mukadzuka mudzapeza timaenje tiwiri. Yezani kuchokera pakati pa kena kufika pakati pa kanzake, n'kuonjezerapo masentimita pafupifupi awiri, ndipo mwapeza mulifupi wa chishalo choyambira. Zishalo zamasewera zambiri zimakhala pakati pa mamilimita 130 ndi 155 m'lifupi. Chishalo chachikulu chofewa ngati khushoni chimakoma mphindi khumi zoyamba, koma pa ulendo wautali mafupa amamira m'menemo ndipo siponji imatukukira pakati pomwe simukufuna kuti papanikizike.

Nanga maunteni isiyane bwanji ndi ya pa tala? Thupi ndi limodzi, ndiye pokwera phiri mwendo uyenera kutambasuka mofanana pa njinga zonse ziwiri. Yambani ndi muyeso umodzi, ndipo musiyanitse pokhapokha pali chifukwa chimene mungachitchule. Chifukwa choyamba ndi mkono wa pedulo, monga tanena kale. Chachiwiri ndi nsapato ndi mapedulo: ngati pa tala mumavala nsapato zomatirira ku pedulo koma m'phiri mumaponda mapedulo wamba, phazi lanu pa pedulo wamba limakonda kusendera kutsogolo, pedulo n'kukhala cha pakati pa phazi, ndipo zimenezi zimafupikitsa mwendo moti chishalo chimafunika kutsika pang'ono. Chachitatu ndi njira yeniyeniyo. M'tinjira ta m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri la Zomba, momwe muli mizu ndi miyala, mumafunika kampata koti muzinyamuka pang'ono pa chishalo njinga ikamadumpha pansi panu, choncho ambiri amatsitsa ndi mamilimita asanu kufikira khumi poyerekeza ndi pa tala. Kupitirira pamenepo mwabwereranso ku vuto la bondo lija.

Pa kusendera, maunteni imalola chishalo kukhala kutsogolo pang'ono, chifukwa pa chikweza chachikulu kulemera kukatsalira kumbuyo tayala lakutsogolo limanyamuka n'kumayendayenda. N'chifukwa chake mafelemu a maunteni a masiku ano amaimika paipi ya chishalo mowongoka kuposa akale, ena kufika madigiri 76 mpaka 78. Ndiponso ngati njinga yanu ili ndi sipuling'i kumbuyo, dziwani kuti mukakhalapo imabwatama ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wonse umene imatha kubwatama kapena kuposerapo pang'ono, kumbuyo kumatsika, nsonga ya chishalo n'kutukuka. Chishalo chimene chinali chopingasa njinga ili yokha chimakhala choloza m'mwamba mukakwerapo, ndiye pa njinga yotere nsonga itsike pang'ono poika. Ngati sipuling'i ili ku foloko kokha, zimachitika mosiyana: kutsogolo ndiko kumatsika, ndipo chishalo chimene munachipendeketsa kale chimapendekeka koposa. Ngati yanu ndi yotereyi, kukayikira kwanga pa za manja anu kukukula.

Potsetsereka ndi pamene njinga ziwirizi zimasiyaniranatu. Pa tala chishalo chimakhala pamalo amodzi ulendo wonse. M'phiri, potsika pamalo oopsa, simukhala pa chishalo, mumaimirira pa mapedulo, mawondo ndi zigongono zitapindika, chiuno chili chotsika ndiponso chakumbuyo pang'ono, ndipo chishalo chokwera chimakugundani n'kukukankhirani ku mahandulo. Pamenepo tsitsani chishalo ndi masentimita angapo musanayambe kutsika, ndipo mukafika pokwera chibwezeni. Njinga zambiri za m'mapiri zili ndi kachogwirira kotsegula ndi dzanja pa khosi la felemu, pamene paipi ya chishalo imalowera, ka ntchito yomweyi. Zamakono zili ndi paipi yotchedwa dropper, imene imatsika ndi kukwera mukadina batani pa mahandulo, ndipo phindu lake linaonekera ngakhale pa tala mu 2022, pamene Matej Mohorič wa ku Slovenia anapambana mpikisano wa Milan–San Remo ataigwiritsa ntchito potsika phiri la Poggio. Inu simukufunika kugula imeneyo. Kulungani kachidutswa ka tepi yamagetsi pa paipi ya chishalo, pamene yathera kulowa mu felemu, kuti muzibwerera pamalo omwewo osayezanso. Musakande paipiyo ndi mpeni kapena sowo, chifukwa mng'alu umakonda kuyambira pa mkwasa wotere.

Posamutsa miyeso kuchoka pa njinga ina kupita pa inzake, musayezere kunsonga ya chishalo ngati zishalozo n'zosiyana, poti zina n'zazitali, zina n'zazifupi. Pezani pa chishalo chilichonse malo amene mulifupi wake ndi masentimita 8, lembanipo kadontho ndi choko, ndipo kutalika ndi kusendera komwe muziyezera pa kadonthoko. Manambalawo alembeni m'kope.

Ndisaiwale za paipi ya chishalo, chifukwa apa pali ngozi yeniyeni. Cha kumunsi kwake kuli mzere wodindidwa wosonyeza polekezera kuitulutsa, ndipo mzere umenewo uyenera kubisika m'kati mwa felemu nthawi zonse. Ndinalandirapo mnyamata wina wamtali amene anatulutsa paipi mpaka inangotsala masentimita atatu m'kati. Anabwera akuti njinga ikulira akamapalasa, ndipo nditapukuta fumbi pa khosi la felemu ndinapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi utazungulira theka la paipi, pomwe panawotcheredwa. Felemu ya aluminiyamu yotero inathera pomwepo, ndipo akanatsika nayo phiri tsiku limenelo bwenzi tikunena zina. Ngati masentimita 74 anuwo sakufikika popanda kuonetsa mzerewo, gulani paipi yaitali, koma ya kukula kofanana ndi yakaleyo. Nambala yake imadindidwa pafupi ndi mzere womwewo, ndipo zofala ndi mamilimita 27.2, 30.9 ndi 31.6, pamene njinga zambiri zakale zachitsulo zili ndi 25.4. Musalole kuti wina akulowetsereni yaing'ono n'kuphatikizapo zidutswa za chitini, chifukwa imaterereka, ndipo pomanga mwamphamvu kuti igwire khosi la felemu limapindika. Pakani girizi pang'ono pa paipi yachitsulo kapena ya aluminiyamu kuti isamatirire ndi dzimbiri m'nyengo ya mvula. Ya carbon siifuna girizi wamba, ili ndi mafuta akeake, ndipo bawuti wake samangidwa mopitirira nambala imene inalembedwa pa khosipo, kawirikawiri 5 kapena 6 Nm, womwe ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti. Ngati paipi yaitali siikukwanabe, ndiye kuti felemuyo ndi yaing'ono kwa inu, ndipo palibe kaikidwe ka chishalo kamene kangabise zimenezo.

Mukayeza lero n'kupeza kuti chishalo chanu chili pa masentimita 70 m'malo mwa 74, musakweze onse anayi tsiku limodzi. Minofu ndi mitsempha yanu yazolowera malo akalewo. Kwezani mamilimita asanu, palasani maulendo awiri kapena atatu aafupi pa giya yopepuka, kenaka muonjezere ena asanu, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti mudziwe chimene chathandiza. Pa masabata amenewa ulendo wa ku Namadzi uyambe wadikira, ndipo zikweza muzikwera pa giya yofewa, miyendo ikuzungulira msanga, chifukwa kukankha giya yolemera pang'onopang'ono kumapanikiza kafupa ka bondo kaja ngakhale chishalo chitakhala pabwino.

Chomaliza chimene chandigwira mtima m'kalata yanu n'chakuti bondo likupweteka ndi limodzi lokha. Chishalo chotsika chikhoza kuyamba ndi bondo limodzi, koma ndikufuna muonenso zinthu zingapo. Imani kumbuyo kwa njinga ya pa kaunjikayo, maso ali pa msinkhu wa chishalo, muone ngati mbali ina yatsika kuposa inzake, poti njinga imene inagwapo imapindika tizitsulo ta pansi tija, ndipo chishalo chotero chimakhotetsa chiuno pa kuzungulira kulikonse. Yang'ananinso kuchokera pamwamba ngati nsonga yaloza molunjika ku sitemu. Zunguzani pedulo yakumanja ndi dzanja, ndipo ngati ikugwedezeka ngati yopindika, ekiselo yake kapena mkono wake wakhota. Ngati mumavala nsapato zomatirira, kachitsulo ka pansi pa nsapato kalole phazi kuloza kumene limaloza mukamayenda, chifukwa phazi likakakamizidwa kuwongoka, bondo ndilo limapotoka. Anthu enanso ali ndi mwendo umodzi wofupikirapo, ndipo kwa iwo chishalo chimaikidwa moganizira mwendo waufupiwo. Zonsezi zikakhala bwino koma bondo n'kumapwetekabe patatha masabata atatu kapena anayi, kapena likatupa, likamakanika kuwongoka, kapena likamapweteka muli gone usiku, imikani njinga mupite kuchipatala akalione. Chimodzimodzinso dzanzi la m'manja kapena la pamalo obisika limene silikutha mutatsika pa njinga.